Kalata kwa atsogoleri athu: njira inaduka pa Chiromo mu 1997, ife tikuolokabe pa bwato

Kwa Olemekezeka Mtsogoleri wa dziko lino, nduna zoona za mtengatenga, za ulimi ndi za malo, aphungu athu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mabwanamkubwa a maboma awiriwa, ndi inu mafumu athu onse a m'chigwa cha Shire,

Ndayamba ndi kuomba m'manja, poti kwathu kuno munthu salankhula pamaso pa akuluakulu asanapereke ulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi mabanja anu. Amene ndikulembane ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinabadwira kufupi ndi Bangula ndipo ndakalambira komweko. Bambo anga ankasenza mabelo a thonje pa siteshoni. Ndilibe chipani, ndipo palibe mpando umene ndikuufuna. Ndalemba poyera dala kuti anzanga a m'chigwa awerenge nawo, ndipo pamene ndalakwitsa andikonze.

Chandilembetsa ndi maliro a mlongo wanga, amene anakwatiwa kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga. Bokosi tinagula ku Bangula, ndiye linayenera kuoloka nafe pa doko la mabwato la Mtayamoyo. Tinaligoneka chopingasa pa bwato, anyamata awiri ataligwira uku ndi uku kuti lisatsetsereke. Aliyense analipira mutu wake, njinga inalipira payokha, thumba la ufa payokha, bokosi nalonso payokha. Amayi anayamba nyimbo tili kugombe, koma titafika pakati anangoti zii, aliyense maso ali pamadzi, chifukwa paja mvuu sidziwa kuti awa ndi anamfedwa. Wopalasa anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Tili pafupi kukocheza anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi n'zoona kuti pano pankadutsa sitima?" Mnyamatayu ali ndi ana ake tsopano, koma sitima sanaionepo ikuoloka Shire. Funso lakelo landisowetsa tulo kuyambira tsiku limenelo.

Mukamva za chigwa chino kumtundako, mumamva za madzi osefukira, za misasa ndi za matumba a chimanga cha thandizo. Ena afika poganiza kuti ndife anthu obadwa ndi mbale yopemphera m'manja. Ine ndakhala muno zaka zokwanira kuona kuti mavuto athu ambiri ali ndi chaka chimene anayambira, ndipo anayamba ndi nkhani zimene zinamveka pa wailesi masiku ochepa kenako n'kuiwalika. Ndiloleni ndizitchule.

Yoyamba, imene ndikhalitsepo, ndi ya njanji. Njanji yoyamba m'dziko muno inayambira kwathu kuno. Inachokera ku Nsanje, kumene nthawi imeneyo ankati Port Herald, kudzera pa Chiromo, n'kukafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha, katundu ankachoka ku Beira mpaka ku Limbe osatsitsidwa panjira. Ndiye kuti khomo la dziko lino linali kuno. Ndili mwana, sitima ikaliza pa Bangula, mudzi wonse unkadzuka. Amayi ankathamanga ndi madengu a makakana ndi milamba youma, mbatata, masau ndi malambe, n'kumagulitsira pa mawindo. Ena ankakwera nazo mpaka ku Luchenza ndi ku Limbe, pobwera n'kutenga nthochi ndi chinangwa za ku Thyolo. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'madengu amenewo ndi m'mabelo amene bambo ankasenza.

Khomo limeneli linatsekedwa kawiri. Koyamba inali nkhondo ya ku Mozambique, imene inaononga njanji ya ku Sena m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Njanji ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970, nayonso inaima. Katundu wa dziko anasamukira pa malole odzera ku Mwanza, ndipo malonda a mtengatenga monga tikuwadziwira leromu anakulira pamenepo. Nkhondo inatha mu 1992, koma katundu sanabwererenso kwathu. Kachiwiri anali madzi a mu 1997, amene anakokolola mtumbira wa njanji pafupi ndi mlatho wa Chiromo. Mlatho umenewu unkanyamula sitima ndi magalimoto omwe, ndiye tsiku limodzi lokha tinataya njanji ndi msewu. Sitima inayamba kuthera pa Makhanga, ndipo patapita zaka ngakhale kumeneko inaleka kufika. Chondipweteka mtima n'chakuti madzi anagwetsapo mlatho wa pa Chiromo mu 1948, koma pofika 1950 wina unali utaima. Boma la atsamunda, limene silinkatifunsa kanthu, linamanga chifukwa linkafuna tiyi ndi fodya zituluke. Ife a boma lathulathu tadikira kuyambira 1997, ndipo atsogoleri asinthana kangapo pampando.

Taonani chimene kudukaku kwachita. Munthu wa kwa Mlolo, kutsidya kwa Shire, ndi wa boma la Nsanje, koma kuti akafike ku likulu la boma lake ayenera kupereka moyo wake kwa wopalasa bwato, apo ayi azungulire ulendo wautali wodzera ku Thabwa ndi ku Chikwawa, pa msewu wa kutsidya umene mvula ikangogwa umaduka m'mitsinje. Mpunga wa ku Muona umagulidwa motchipa pakhomo chifukwa vavenda amayamba wachotsera za mayendedwe. Simenti, malata ndi mchere zimafika zitakwera mtengo. Mphunzitsi kapena namwino akatumizidwa kutsidya amalira ngati walandira chilango, ndipo ndaona ambiri akupempha kusamutsidwa chaka chisanathe. Thonje, limene linamanga Ngabu ndi Bangula, n'kubweretsa chitukuko chachikulu cha ulimi m'chigwa muno kuyambira 1968, lero alimi ambiri alisiya, chifukwa amalima asakudziwa kuti agula ndani ndiponso pa mtengo wanji. Ndikuthokoza kuti ntchito yokonza njanji kuchokera ku Marka, pa malire ndi Mozambique, kulowera ku Bangula inayambika, ndipo zabwino ziyenera kuyamikidwa. Koma njanji yothera pa Bangula ndi mkono wodukira pachigongono. Ikapanda kuoloka pa Chiromo n'kukalumikizana ndi Limbe, anthu a kutsidya adzangomva kulira kwake ali pagombe.

Yachiwiri ndi ya alendo athu. Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo anakhamukira kuno ngati dzombe. Dziko lonse linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje inafika nthawi imene alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Maina a Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda ankamveka pa wailesi za kunja. Ife sitinawaone ngati achilendo, poti ambiri ankayankhula Chisena chathu chomwechi, ndipo ena anali abale enieni amene malire anangotidula pakati. Ndikukumbuka madzulo ena mayi wina anaima pabwalo pathu, mphasa ili pamutu, mwana kumbuyo, wina akumukoka dzanja, mapazi atatupa ngati maungu. Mayi anga sanafunse dzina. Anatenga mtondo wathu wachiwiri ndi mphika umodzi, n'kumulozera pansi pa mtengo wa bwemba kuti ayambe wapuma pamenepo. Anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi. Pochoka anangoti "takhuta" akulira, ndipo mwana wake wamkazi anatsala, anakwatiwa kwathu konkuno.

Zaka zimenezo zinasintha zambiri. Misika ina imene mukuiona lero inakulira pa ufa, nandolo ndi mafuta ophikira a m'misasa, amene alendo ankasinthanitsa ndi ndiwo, nkhuni ndi zovala. Malonda a pa Marka ndi a m'madoko a m'mbali mwa Shire akuyendabe pa ubale umene unamangidwa nthawi imeneyo. Valimba, utse ndi likhuba zimavinidwa tsidya lino ndi tsidya ilo mofanana. Koma pali mtengo umene tinalipira. Anthu ochuluka chonchija ankafunika mitengo ya nyumba ndi nkhuni tsiku ndi tsiku, ndipo mapiri athu anametedwa mpala. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, alendo anayamba kubwerera, mabungwe anapakira katundu wawo, ife tinatsala ndi zitsa. Mitsinje imene kale inkayenda m'khwawa lake inadzaza mchenga, ndipo lero mvula ya usiku umodzi imaitulutsira m'midzi. Sindikunena kuti alendo okha ndiwo anatha mitengo, ifenso nkhwangwa tili nazo, ndipo makala akutulukabe m'chigwa muno usiku ndi usana. Ndikunena kuti dziko la Malawi linatamandidwa pa dziko lonse chifukwa cha mtima wosunga alendo, koma nkhalango imene inalipira ulemuwo inali yathu, ndipo sinabwezedwe mokwanira. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zitabuka, anthu anaolokanso, ndipo tinawalandiranso ku Nyamithuthu komwe kuja. Tidzawalandiranso mawa, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yachitatu ndi ya nthaka, ndipo apa ndipempha mafumu athu atchere khutu kwambiri. Mu 1965 kampani ya Lonrho inayamba minda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo chaka chotsatira fakitale ya Sucoma inayamba kutulutsa shuga. Mu 1997 minda ija inapita m'manja mwa Illovo. Ndinganame nditati sipanatuluke zabwino. Nchalo inasanduka tawuni, anthu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi kwina anabwera kudzagwira ntchito n'kukwatirana ndi ana athu, ndipo timu ya mpira ya Sucoma inkatisonkhanitsa pa bwalo la Kalulu kudzaona matimu akuluakulu a ku Blantyre. Koma mu nthawi ya chipani chimodzi munthu wamba analibe pakamwa pofunsira kuti, nanga adzukulu anga adzalima pati? Mbali ina nzimbe, mbali ina Lengwe imene inakhala paki mu 1970 n'kukulitsidwa mu 1975, uko Majete, uko Mwabvi. Malo amenewa ali ndi ntchito yake, sindikutsutsa. Koma anthu anachulukana, nthaka yotsala sinakule, ndipo ambiri anatsikira ku madimba ndi m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh ndi la Ndindi.

Ndiye madzi akabwera, monga anachitira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi Freddy, timamva mawu omwe aja akuti, anthu a m'chigwa ndi osamva, bwanji osasamukira kumtunda? Bwana, palibe mayi amene amakonda kugona pa chulu kapena m'mtengo ndi khanda m'manja. Anthu a kwa Nyachikadza ndi a ku Makhanga amabwerera chifukwa chinyontho chili kumeneko. Madzi akaphwa, dimba limapatsa chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa nthawi imene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Kumuchotsa munthu pa dimba n'kumuika pa miyala popanda mjigo, popanda sukulu, popanda munda, ndi kumutumiza kukakumba nyika, mizu ya m'madzi yodyedwa pa njala, m'dambo momwe muli ng'ona. Makolo athu anakana mitumbira ya atsamunda m'zaka za m'ma 1950 chifukwa lamulo linabwera ndi chikoti lisanamve za nthaka yathu. Chikhalidwe chokayikira malamulo ochokera kumtunda chinabadwa motero, ndipo chimatha pokhapokha anthu akafunsidwa.

N'chifukwa chake ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene ntchito yake inakhazikitsidwa mu 2020 ndipo akuti idzathirira mahekitala 43,370, ikutipatsa chimwemwe ndi mantha nthawi imodzi. Ngati itayenda bwino, njala ingathe m'chigwa muno. Koma alimi akupemphedwa kuphatikiza minda yawo m'makoparetivi, ndipo agogo amene anaona za m'ma 1960 akufunsa ngati dzina lawo lidzakhalebe pa nthakayo. Funso limeneli si la umbuli. Afunika kuyankhidwa ndi pepala m'manja, m'chiyankhulo chimene amamva.

Yachinayi ndiidutsa msanga chifukwa aliyense akuidziwa. Pa 23 Okotobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, atsogoleri a Zimbabwe ndi Zambia, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda, ali pomwepo. Ine ndinalipo, padzuwa lija, pamodzi ndi ana a sukulu. Chombo chimene tinkadikira sichinafike, chinagwidwa ku Mozambique chifukwa maiko awiriwa anali asanamvane. Ndikudziwa anthu amene anagulitsa ng'ombe n'kumanga nyumba zogona alendo poyembekezera mzinda. Mpaka lero sitikudziwa bwinobwino ngati maganizo aja anatha kapena alipobe.

Yotsiriza ndi ya ndale, ndipo iyi ikutikhudza ifenso eni chigwa. Malemu Gwanda Chakuamba, amene tinkawatcha Mbuya, anali nduna yamphamvu, anamangidwa mu 1980, anatuluka mu 1993, ndipo anapikisana nawo pa mpando wa utsogoleri wa dziko mu 1999 ndi mu 2004. Anthu kuno anawakonda chifukwa kundende kwawo kunali ngati kundende kwa chigwa chonse. Pambuyo pake dzina la malemu Sidik Mia nalonso linamveka chimodzimodzi. Onsewa anagona, ndipo sindiwanenera choipa. Koma kuchokera nthawi imeneyo zipani zinaphunzira chizolowezi chimodzi: ukafuna mavoti a m'chigwa, peza chimphona chimodzi, ukambirane nacho kuchipinda, basi wamaliza. Mlimi wa thonje wa ku Ngabu, msodzi wa ku Chiromo ndi mayi wa geni wa pa Dyeratu safunsidwa. Ifenso tinazolowera kufunsa kuti "wathu ali mbali iti?" m'malo mofunsa kuti "mlatho uli pati?" Mlandu umenewu tigawane, koma inu muli ndi mphamvu yoyamba kuusintha.

Tsono, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Mutiuze poyera, ndi mwezi ndi chaka, pamene njira ya pa Chiromo ndi Mtayamoyo idzalumikizidwe, ya sitima ndi ya magalimoto yomwe. Ndalama zake zioneke mu bajeti imene aphungu athu angatiwerengere pa msonkhano. Ngati akatswiri apeza kuti malo akale sangathekenso chifukwa Ruo ndi Shire zinasintha njira, mutiuze chomwecho ndipo mutisonyeze malo atsopano. Chete ndiye watitopetsa.

2. Podikira mlathowo, paikidwe boti la injini lodalirika, lokhala ndi majekete oyandamitsa, lonyamula odwala, amayi oyembekezera ndi maliro mwaulere, usana ndi usiku. Anyamata opalasa amene atithandiza zaka zonsezi alembedwe ntchito pomwepo, asatayidwe.

3. Msewu wa kutsidya wochokera ku Thabwa umalizidwe mpaka kumapeto, ndi milatho yokwera yolingana ndi madzi a masiku ano.

4. Aliyense wopereka munda wake ku ulimi wa mthirira wa ngalande yatsopano alandire chikalata cha umwini asanasaine kanthu, monga lamulo la malo a makolo la 2016 likulolera. Mapangano amasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chisena, awerengedwe mokweza pabwalo la mfumu, amayi amasiye ndi ana amasiye ali pomwepo. Gawo lina la nthakayo lisiyidwe kuti tizilimapo chakudya, chifukwa nzimbe sitiphika nsima. Ndipo inu mafumu athu, chonde, musasaine m'malo mwa anthu anu iwo asanamve.

5. Osamutsidwa chifukwa cha madzi apeze mjigo, sukulu, chipatala chaching'ono ndi malo okwanira zili kale kumene akupitako, ndipo aloledwe kumatsikira ku madimba awo nthawi ya chilimwe popanda kuopsezedwa kuti adzachotsedwa m'kaundula wa thandizo.

6. Pakhale ntchito yeniyeni ya zaka zambiri yobwezeretsa mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ya m'madera amene anasunga othawa nkhondo, yolipira anthu a m'midzi posamalira mitengo mpaka itakula. Kubzala kwa tsiku limodzi pamaso pa makamera taona kokwanira, mbuzi zimadya mbande sabata isanathe. Maiko ndi mabungwe amene anatiyamikira nthawi ija akumbutsidwe za ngongole imeneyi.

7. Nduna ibwere ku Nsanje idzanene chimene boma latsimikiza pa za doko, ndi chimene malo aja adzagwire.

Aphungu athu, kalatayi muitenge mukaiwerenge m'Nyumba ya Malamulo. Mabwanamkubwa, muiike pa mndandanda wa zokambirana za khonsolo. Anzanga a m'chigwa amene mwaiona pa foni, muwawerengere agogo amene maso anafooka, ndipo muonjezepo zimene ine ndasiya, poti za Chapananga ndi za ng'ombe za ku Ngabu akuzidziwa bwino ndi eni ake.

Mwezi wamawa ndikuolokanso pa Mtayamoyo kukaona ana a malemu mlongo wanga. Mnyamata uja ndinamulonjeza kuti ndikalemba kalata, ndipo ndikudziwa kuti akangondiona pagombe andifunsa ngati mwayankha.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma, mwana wa m'chigwa,
Bangula, Nsanje.